Ufa wa Msana wa Ankolo

Lolemba

Loweruka tikuyesedwa kuthamanga. Chikwama kumsana, nsapato zolemera, wotchi m'manja mwa Sajeni. Ndikafika mochedwa ndiye kuti kosi ya ukopolo yandiphonya. Malo ndi amodzi okha ndipo pakali pano ndi anga. Ndikalephera apita Darren, kamnyamata kamene kamadya tchipisi m'mawa n'kuthamangabe ngati akabera foni.

Usilikali wanga ndi wa kumapeto a sabata. Mkati mwa sabata ndimasambitsa ndi kudyetsa okalamba ku Edmonton, muno mu London, Loweruka ndimavala yunifolomu n'kumalamulidwa ndi ana oti ndikanatha kuwabereka. Pagulu lathu lonse, wamkulu wopanda nyota ndine. Amanditcha "Grandad". Ndimaseka nawo koma zimandiwawa, ndipo nyota imeneyi ndikuifuna.

Pulani ya sabata ino:
- kugona mokwanira
- kusiya mandasi a Anti
- kuthamanga kupaki m'mawa uliwonse ndisanakwere sitima
- pre-workout

Pre-workout ndi kaufa kosungunula m'madzi, umamwa usanayambe kulimbitsa thupi kuti magazi adzuke. Anyamata ambiri pagulu amamwa. Koma kwa msilikali pali malamulo, Sajeni amawabwereza mpaka makutu kuwawa:
- Chimene chapezeka m'mkodzo mwako ndi chako. "Sindimadziwa" si yankho.
- Oyeza mkodzo salengeza tsiku lobwera.
- Gula ufa wokhawo umene chigubu chake chili ndi chidindo choti unayezedwa, ndi nambala yake.
- Chigubucho usataye. Uchijambule.
- Kasupuni kamodzi. Osaphatikiza ndi khofi, osamwa madzulo.
- Choposa zonse, akuti, ndi kudya bwino n'kugona. Amanena zimenezi munthu amene sanagwirepo shifiti.

Ku jimu wina wandionetsa wotchipa, m'chigubu chakuda chojambulidwa chigaza chikuyaka moto. Ndakana! Ine si mwana. Ndapita kusitolo yeniyeni konkuno ku Ilford, ndagula wachidindo. Ndawerenga zolembedwa zonse ndili chiimire mpaka mtsikana wogulitsa wandifunsa ngati ndili bwinobwino. Ufa wa pinki, fungo la chivwende. Chigubu choyera, cholimba, chivindikiro chotseka gwa.

Kujambula ndijambula mawa. Foni yadzaza ndi mavidiyo a ukwati wa msuweni wanga wa ku Ntcheu, ukwati umene ndinauona kale katatu kuchokera mbali zosiyana.

Ndimakhala m'kachipinda ka kumapeto m'fulati ya Anti, mlongo wawo wa malemu bambo anga, ndi amuna awo Ankolo. Anti amaphika pasukulu. Ankolo ndi mlonda m'sitolo ya zovala ndipo mawu amawasunga ngati amalipira. Ndi Anti amene anakandichingamira ku eyapoti chaka chimene ndinabwera, atanyamula jekete la Ankolo kuti ndisafe ndi chisanu. Zimenezi sindiiwala.

Chigubu ndachiika pamwamba pa firiji. Anti achitsitsa, achitembenuza, atsegula, atseka, atsegulanso.

"Chigubu chabwinotu ichi," atero.

Ndanyadira.

Lachiwiri

Kasupuni kamodzi monga mwa lamulo. Chabwino, kamodzi koma kachulu pamwamba.

Ndisanamalize kumanga zingwe za nsapato, nkhope yayamba kuyabwa ngati ndadutsa m'chitedze. Makutu, milomo, ngakhale zikope. Ndathamangira kukawerenganso pachigubu. Akuti zimatero, si ngozi. Chabwino.

Kupaki ndapitirira:
- mayi wa galu
- galuyo
- bambo wina wa njinga, ngakhale iye anali ataima

Miyendo ikungodzipitira yokha! Chikwama ndaikamo matumba awiri a mpunga wa Anti kuti chilemere, koma sindikuchimva n'komwe. Ndikuiona nyota paphewa, ndikumuona Darren akundipatsa sawatcha.

Kuntchito ndayala mabedi a khonde lonse anzanga akadali pa loyamba. Agogo ena amene ndimawameta ndevu andigwira dzanja: "Pang'onopang'ono, mnyamata, khosi ndili nalo limodzi."

Mwape, nesi wathu wa ku Zambia amene amagawa mankhwala, wandiima kutsogolo n'kundisuzumira m'maso. "Iwe, wamwa chani? Maso yako yali monga yafuna kutuluka." Ndamufotokozera monyada, za chidindo ndi nambala ndi zonse. Iye: "Okay, but caffeine ili mmenemo ni yambiri. Lelo no coffee, no tea. Wamvela?" Ndamvela.

Kunyumba Anti andithirira tiyi. Ndati lero ayi. Andiyang'ana, ayang'ana kapu, ayang'ananso ine. Ndamwa. Mandasi ndati ndasiya kaye. "Wayamba kunyada, mwanawe?" Ndadya atatu.

Madzulo tinali ndi pelete, monga Lachiwiri lililonse. Sajeni wandidutsa n'kungoti, "Loweruka, Grandad." Ndayankha mokweza kwambiri moti iye wabwerera n'kundiyang'ananso. Darren wandifunsa ngati bondo langa lidzafike Loweruka kapena lidzatsalira m'basi. Miyendo idzayankha.

Mavidiyo a ukwati ndafufuta asanu. Msuweni watumiza ena asanu ndi awiri, a chinkhoswe. Chigubu ndijambula mawa.

Lachitatu

Tulo sindinatione bwino. Tiyi uja.

Pamwamba pa firiji palibe kanthu!

Ndasuzumira kuseri, pansi, m'firiji momwe. Anti ali pakhomo akumanga mpango, akuthamangira basi. "Chigubu chija? Ndaikamo usipa wa anzanga aja Mayi Gondwe, apita nacho kwawo ku Lewisham. Chimatseka bwino, sanunkhitsa sitima. Ufa wako uli m'kabati, m'cha majarini."

Ndafunsa za chipepala cha pachigubu, chija cha chidindo ndi nambala.

"Chinavutatu kumatula. Ndinachita kunyika m'madzi otentha."

Chitseko chatsekeka.

Ndinayenera kudziwa. M'nyumba muno palibe chigubu chimene chimasunga chimene chinabwera nacho. M'cha ayisikirimu muli nyemba. M'cha khofi muli mchere. M'cha mchere muli mabatani. Chigubu chikangolowa pakhomo pano Anti amachipezera ntchito ina, ndipo chabwino chimakwezedwa udindo msanga kuposa ine.

Kukalipa sindingakalipe. Munthu amene umadya kwake, umagona kwake, amene amakutcha dzina la mlongo wake akaiwala, ungamukalipire chifukwa cha chigubu?

M'kabati zigubu za majarini zandandalikana, zofanana zonse. Ndatsegula chimodzichimodzi:
- nsinjiro
- soda wa therere
- ufa wa malambe, watsala pang'ono
- chopanda kanthu, chonunkha makungwa
- zomangira mafaelo, sindikudziwa chifukwa chake
- wanga

Wanga, koma ukuoneka wochuluka kuposa dzulo. Mtundu nawo wasuluka, pinki wake wapita kubulauni. Ndaima n'kuganiza ngati munthu wophunzira. Chigubu cha majarini ndi chaching'ono, ndiye chinthu chimaoneka chambiri. Mtunduwo ndi getsi la m'khitchini. Ufa ndi womwewo, wangosamuka nyumba. Chidindo ndinachiona ndi maso anga Lolemba, ndipo maso anga ndi mboni yokwanira.

Ndasungunula, ndamwa. Kowawasa poyamba, kowawa pomalizira. Chivwende chikumveka patali ngati wailesi ya aneba.

Koma kuthamanga kwake! Sindinathamangepo chonchi chibadwire. Ndazungulira paki, ndazunguliranso, mayi wa galu uja wandiombera m'manja. Ndikayang'ana wotchi ndikuona kuti Loweruka ndidzafika n'kukhala ndi nthawi yomudikira Darren nditakhala pansi.

Mutu ukutentha pang'ono, mphuno zatsekeka. Chimfine cha London, chilibe nyengo.

Mpunga ndabweza m'kabati Anti asanafike. Thumba limodzi labooka, chikwama cha boma chadzaza mpunga.

Lachinayi

Lero ndili pa ofu. Ndamwanso, kachulu kokulirapo, popeza chinthu chikagwira ntchito umachilimbikitsa.

Kupaki zinthu zayamba bwino, kenako ayi. Mtima ukugunda ngati munthu wotsekeredwa m'bafa. Nkhope moto. Magetsi a pamsewu akuoneka abuluu. Ndipo pali vuto lina limene sindilemba ngakhale muno. Ndingoti ndabwerera kunyumba nditamanga juzi m'chiuno, mfundo kumbuyo, ndikuyenda ngati wonyamula mazira. Mayi wa galu wandipatsa moni. Ndayang'ana mitengo.

Masana amayi a kutchalitchi abwera kudzapemphera pabalaza, monga amachitira Lachinayi lililonse. Ine gone m'chipinda, thaulo lonyowa pamphumi. Khoma la fulati ino ndi pepala. Atatha nyimbo, ndamva mawu a Anti:

"Kaufa kake kodula, koma kochepa ngati mankhwala a m'maso. Ndinati mwana wa achimwene akathamange ndi kameneka? Ndiye ndamuwonjezeramo malambe, ndi ufa wonse uja wa msana wa abambo akunyumba kuno. Umawathandizatu abambo. Akamwa amachita kuimba m'bafa."

Amayi onse: "Mwachita bwino, mayi."

Ndadzuka. Ndakhala. Ndadzukanso. Chopanda kanthu chonunkha makungwa chija!

Masiku awiri ndakhala ndikumwa chinthu chopanda dzina, chopanda chidindo, chopanda nambala. Mawu a Sajeni akungozungulira m'mutu. Chimene chapezeka m'mkodzo mwako ndi chako. Si cha Anti, si cha Ankolo. Akachipeza choletsedwa, nkhani si ya kosi yokha, ndi yunifolomu yonse.

Ndiyenera kudziwa zimene zili mu ufawo. Koma munthu wamkulu, mwamuna wa azakhali ako, sumamufunsa chinthu chotere pamaso. Umazungulira.

Ankolo abwera, akhala pa TV. Anti ali kukhitchini.

"Ankolo, msana ukupeza bwanji masiku ano?"

"Bwino." Akweza TV.

"Ufa uja umakuthandizani?"

"Ndi zachikulu zimenezo, asilikali." Akwezanso.

Ndanena motsitsa mawu kuti Anti authira wonse mu ufa wanga. Ankolo azimitsa TV. Apita kukabati, atsegula chigubu chija, aima nacho nthawi yaitali ngati munthu woona nkhope pamaliro. Abwerera, akhala pafupi nane, chinthu chimene sanachitepo.

"Mwamwa kangati?"

"Kawiri."

Andiyang'ana kumaso, kenako ayang'ana juzi limene likadali m'chiuno. Apumira m'mwamba. "Mukhala bwino. Zimatha zokha."

Ndafunsa kumene amagula. Anong'ona: ku Lewisham, kuseri kwa msika, kwa wometa wina wa kwathu amene anthu amamutcha Dokotala. "Mukanene kuti ndakutumani ndine. Ayi, musanene." Kenako andigwira bondo. "Anti anu amadziwa kuti ndi wa msana. Zikhale choncho, asilikali. Chonde."

Munthu wamkulu wandiuza chonde. Ndavomera.

Lachisanu

Kuthamanga ayi. Ufa ayi. Mutu ukuwawabe.

Shifiti ndi ya masana, ndiye m'mawa ndapita ku Lewisham pa kasitima kopanda dalaivala kaja. Ndanyamula botolo lalikulu la madzi, ndikumwa njira yonse kuti thupi litsukike. Zotsatira zake: ndatsika pasiteshoni imene sindimafuna kutsika, kukasaka chimbudzi.

Dokotala ndamupeza. Bambo wonenepa, wansangala, tcheni m'khosi, makina ometera m'manja. Ndisanatsegule pakamwa wandikhazika pampando n'kundifunditsa nsalu. Ndafunsa za ufa wa msana. Waseka mpaka makina kunjenjemera.

"Zonse natural, bwana. Hundred percent."

Ndafunsa kuti muli chiyani.

"Mizu."

Mizu yanji?

"Gondolosi pang'ono, ndi zina zochokera kunja."

Zina ziti?

"Zimabwera m'thumba, bwana, sizilembedwa. Koma chiyambire palibe customer anabwera kudzadandaula. Amabwera ndi akazi awo kudzathokoza."

Ndamuuza kuti ndine msilikali, timayezedwa mkodzo. Akuti asilikali amawachotserako mtengo. Ndatuluka osadziwa kanthu, mutu wometedwa mbali zonse, mzere wojambulidwa pamwamba pa khutu umene sindinaupemphe.

Kwa Mayi Gondwe sindinapite. Chigubu chopanda chipepala, chonunkha usipa, chingachitire umboni ndani?

Kuntchito ndamukokera Mwape pambali, ndamuuza zonse kupatula dzina la mwini ufa. Sanaseke. Chabwino, waseka kaye, atagwira khoma, kenako wasiya. "Manzi siyachosa ivo, boi. Ma powder aya ya street amaikamo mankhwala ya ku pharmacy, nthawi zina na ma steroid, iwe suziba. Then wafakapo pre-workout pamwamba? Mutima uli nao umozi chabe." Wandiyeza BP. Wayang'ana makina, wandiyezanso dzanja lina. "Mailo, Saturday, suthamanga. Uza sergeant wako."

Ndakhala m'kachipinda kosungira zofunda, pakati pa mashiti, n'kuganiza. Njira zilipo zitatu:
- kukhala chete, kuthamanga, n'kupemphera kuti oyeza asabwere
- kunamizira m'mimba
- kumuuza Sajeni

Yoyamba ikukoma kwambiri. Miyendo ili bwino, nthawi ya Lachitatu ija ndi yokhoza. Mwina mu ufamo mulibe choletsedwa. Mwina oyeza sabwera. Mwina mtima upirira. Ndawerenga ma mwina anga ndipo achuluka. Ndikagwidwa ndili chete, palibe amene adzamve za Anti ndi chigubu cha majarini, adzangoti Grandad amaba mpikisano ndi mankhwala. Ndikagwa panjira ndiye Anti adzalira osadziwa kuti chondigwetsacho anasakaniza okha. Ndikuopa, ndipo ndakwiya, koma womukwiyira palibe. Ndatsala ndekha ndi foni yodzaza ukwati.

Yachiwiri Sajeni anaimvapo kambirimbiri.

Ndamuimbira. Ndafotokoza kuyambira pa chidindo mpaka pa wometa. Iye wafunsa:

"Ufa wa ndani?"

"Wa ankolo anga, Sajeni."

"Wa chiyani?"

"Msana."

Iye: "Ubwere nawo mawa. Usamwenso. Usathamange mpaka dokotala akuone." Kenako: "Chigubu choyambacho unachijambula?"

Ndayang'ana mashiti.

Loweruka

Yunifolomu yosita, nsapato zowala, m'manja jumbo ya kusitolo muli chigubu cha majarini. Anti andipempherera pakhomo dzanja lili pamutu panga, apempha kuti miyendo ya adani ilemere. Andiikira mandasi m'thumba. Ankolo sanatuluke kuchipinda.

Kunja kwacha bwino mochititsa mkwiyo. Kozizirira, kopanda mvula, kamphepo kokankha kumsana. Tsiku lothamanga ngati limeneli London amapereka kamodzi pachaka.

Dokotala wa asilikali ndi mtsikana, kaputeni, waulemu kwambiri. Wavala magolovesi kuti atsegule chigubu chimene Anti amatsegula ndi mano. Wanunkhiza, wabweza mutu. Mafunso:
- Dzina la mankhwala? Palibe.
- Wopanga? Wometa.
- Mlingo? Kachulu.
- Mutu, mphuno, maso? Inde, inde, abuluu.
- Chizindikiro china?

Ndayang'ana chithunzi cha mafupa a munthu chimene chili pakhoma. Iye wadikira. Ndapitiriza kuyang'ana mafupa. "Ndamva," watero, n'kulemba mzere wautali kuposa yankho langa.

BP yatsikako koma sinafike pamene akufuna. Kuthamanga ayi. Ndapereka mkodzo mwa kufuna kwanga. Chigubu achiika m'pulasitiki, amata, alembapo nambala. Pomaliza ufa wanga wapeza nambala! Zotsatira zidzabwera zikadzabwera. Wandiuzanso kuti mwini ufawo asiye kumwa, akaonane ndi dokotala weniweni, makamaka ngati ali ndi vuto la mtima. Ndati ndikawauza. Njira yokawauzira ndiyo sindikuidziwa, mwina ndidzazungulira mpaka Khirisimasi.

Sajeni wandipatsa ntchito yoima pokhotera, nditavala chijekete chachikasu, kuloza anthu njira. Ndawaona onse akudutsa. Darren wadutsa akumwetulira, wafika nthawi ikadalipo yambiri, wasanza tchipisi pa udzu, wakhoza. Kosi akupita iyeyo.

Atatha onse Sajeni wandiitanira pambali. "Ukanakhala chete n'kugwidwa, bwenzi ukubweza yunifolomu. Wachita zoyenera. Chaka chamawa." Wandimenya paphewa, pamalo penipeni pamene palibe kanthu. Akutinso Lachiwiri likubwerali ndidzaime kutsogolo ndiphunzitse anzanga za kuopsa kwa maufa amenewa, popeza tsopano katswiri ndine.

Chaka chamawa bondo lidzakhala litakula ndi chaka china, ndipo Darren adzakhala akundilamula.

Oyeza mkodzo lero sanabwere.

Anyamata asiya kunditcha Grandad. Wina anaiona jumbo ija. Tsopano ndine "Margarine".

Pobwerera ndakhala pabenchi la pasiteshoni, sitima ziwiri ndazisiya zipite. Ndalira pang'ono, osati mokweza, chipewa nditatsitsa. Kenako ndadya mandasi onse.

Kunyumba ndangoti sindinathamange, dokotala wakaniza, BP. Ndalowa kuchipinda.

Lamulungu

Kutchalitchi amayi a Lachinayi andizungulira pakhomo. Onse akudziwa za BP. Malangizo amene ndalandira ndisanafike pampando:
- adyo
- kusiya mchere
- kusala kudya
- kukwatira

Wina akuti ali ndi ufa wabwino kwambiri wochokera kumudzi, abwera nawo sabata yamawa. Ndathokoza.

Foni ndafufuta zonse, ukwati ndi chinkhoswe chomwe. Malo alipo ambiri tsopano, chojambula palibe.

Pulani yatsopano ilibe mndandanda. Ndidikira zotsatira, ndiphunzitsa anyamata Lachiwiri, ndipita kuntchito. Ndikadzayambanso kuthamanga ndidzathamangira tiyi ndi buledi.

Masana Anti aphika nkhuku. Takhala patebulo atatu. Afunsa za chigubu chawo cha majarini, ndati chatsala kuntchito. Akuti ndisaiwale, n'chabwino. Kenako aika supuni pansi, andiyang'ana, maso ali ndi misozi.

"Usiku sindinagone, mwanawe. Ufa wachizungu uja ukanakupha. Ndinangouona mtundu wake, mtima wanga unakana. Tangoganiza ukanamwa wokhawokha, ine osausungunulako ndi wathu. Bwenzi lero ndikuwauza chiyani amayi ako?"

Ndayang'ana Ankolo. Ankolo akuwerenga mpunga m'mbale mwawo, njere imodziimodzi.

Mawu ndinali nawo, okonzeka kuyambira Lachinayi, ndinawayeserera ngakhale m'sitima. Ndawayang'ana Anti akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Zikomo, Anti," ndatero.

"Usathokoze. Ndiwe mwana wathu."

Ankolo atenga nthutumba m'mbale mwawo, imene m'nyumba muno sadya wina koma iwo, aika m'mbale mwanga osandiyang'ana. Ndadya.